Malovu a m'botolo la Yona

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, moni nonse amene mwakhala mukumupempherera mwana wanga Lontia. Ambiri mumandidziwa kuti ndine Amake Yona, uja wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu pa Rufunsa. Mwandifunsa kambirimbiri kuti ndipereke umboni wa mmene mwanayu anachirira matenda a siko selo. Ndinachedwa dala, ndimadikira kuti mtima uyambe wazizira. Sunazizire, ndiye ndingolemba choncho. Mulungu anandichitira zazikulu, izo sindikana, koma ngati mumayembekezera umboni wa mayi womwetulira, mundikhululukire.

Ndili ndi ana atatu. Woyamba ndi Yona, mwamuna yekhayo, kenako Misozi, ndiye Lontia womaliza. Lontia anabadwa ndi matenda amenewa, amene amapinda magazi n'kuwatsekereza m'misempha. Amene simunawaone simungamvetse. Kukangozizira pang'ono mwana amayamba kukuwa kuti mafupa akuphwanyika, iwe mayi n'kumangomusisita osadziwa pogwira. Msewu wa ku chipatala cha mishoni ku Mpanshya ndinauloweza ngati pemphero la Ambuye. Anamwino a kumeneko anatigwira bwino, anamuwonjezera magazi maulendo osawerengeka, mpaka tsiku lina anati izi zatikulira, pitani ku Lusaka.

Ku Lusaka dokotala anamuunika m'mutu n'kundiuza mosabisa kuti misempha ya mu ubongo ikuchepa, ndipo sitiroko ikhoza kumugwira nthawi iliyonse. Anati njira yochiritsiratu ndi imodzi, kumusinthira mafuta a m'mafupa, chifukwa ndi mmene magazi amapangidwira. Panali bungwe lina limene limatengera ana otere ku India, koma limalandira okhawo amene ali ndi m'bale wofanana naye m'thupi. Popanda m'bale wotero, thupi limakana mafutawo ngati mlendo, kapena mafutawo amaukira thupi.

Namwino wina anandifotokozera bwino za kufananako. Anati munthu aliyense ali ndi zizindikiro zotchedwa HLA, zimene chitetezo cha thupi chimadziwira kuti uyu ndi wathu, uyu ndi wakunja. Zizindikirozi timazilandira m'mitolo iwiri, umodzi kwa mayi, wina kwa bambo. Ana a mimba imodzi akhoza kutola mitolo yofanana yonse iwiri, kapena umodzi wokha, kapena osafanana n'komwe. Anatipatsa timabotolo tinayi tolavuliramo, tolembedwa kale mayina: langa, la amuna anga, la Misozi ndi la Yona. Anati malovuwo akawerengedwa ndi makina, kompyuta ndiyo idzanene amene akufanana ndi Lontia.

Ine ndi Misozi tinalavulira pompo. Amuna anga, atate ake a anawa, anakana. Anati iwo sakudwala, alavulirenji m'botolo ngati a chifuwa chachikulu? Namwino anati palibe vuto, ofunika kwambiri ndi anawo. Nthawi imeneyo Yona anali ku Shikabeta, kuthandiza agogo ake kukolola atamaliza sukulu. Amuna anga anadzipereka okha kuti atenga botolo la Yona, apita nalo kumudzi n'kubwera nalo. Anachoka Lachiwiri, anabwera Lachinayi, botolo lili m'thumba la malaya, lotsekedwa bwinobwino. Ndinawayamikira. Ndinawaphera nkhuku. Ndikakumbukira nkhuku imene ija ndimafuna kudziluma.

Zotsatira zinabwera patatha milungu ingapo. Misozi sanafanane naye n'komwe. Yona anafanana naye mtolo umodzi wokha, ndipo bungwe lija silinkalandira theka. Dzina la Lontia analichotsa pa mndandanda. Ndinatuluka m'chipinda cha dokotala mwana ali kundikoka chitenje akufunsa kuti ndege tikwera liti.

Mkwiyo wanga woyamba unagwera kompyuta. Ndinati chinthu chopanda mimba, chosadziwa kubereka, chingandiuze bwanji za ana anga? Wachiwiri unagwera Mulungu. Ndinamuuza m'pemphero kuti Ambuye, munandipatsa ana atatu, munalephera bwanji kupanga awiri ofanana, Inu amene mumapanga mapasa? Akulu amati chibale ndi fupa sichiola, koma ine ndinkaona mafupa a ana anga akukanana. Amayi anzanga a chigwirizano ankabwera kudzanditonthoza, ena ndi mtima woona, ena ndi mawu okonzeratu aja akuti n'chifuniro cha Mulungu. Mmodzi anandinong'oneza kuti ndidzifufuze, mwina pali tchimo limene ndikubisa. Ndinamuperekeza mpaka pa msewu, ndipo kuyambira tsiku limenelo yunifomu yanga ya chigwirizano ndinaiika pansi pa sutikesi.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri, chimene dokotala ankaopa chinachitika. Kunali masana, basi ya ku Chipata itangoima, ine ndikuthamangira makasitomala pa zenera. Lontia anali atanyamula kambale ka tomato kumbuyo kwanga. Ndinangomva kambale kagwa. Nditacheuka ndinaona kamwa lake lapita mbali imodzi, dzanja lamanzere lili lendelende, akuyesa kundiitana koma mawu osatuluka. Anali ndi zaka khumi zokha.

Tinamuthamangitsira ku Mpanshya, kenako ku Lusaka. Anakhala moyo, koma dokotala anati sitiroko ikagwira kamodzi imakonda kubweranso, ndipo yachiwiri ikhoza kumutenga. M'khonde la chipatala amuna anga analira ngati mwana, kumenyetsa mutu kukhoma. Ine ndi amene ndinawagwira. Ine ndi amene ndinawauza kuti limbani mtima, si mlandu wanu, tinayesa zonse. Mawu amenewo ndinawanena ndi pakamwa pangapa, iwo n'kumangogwedeza mutu.

Apa m'pamene ndinasiyira kupemphera mwaulemu. Pemphero langa linatsala limodzi, ndipo ndinkalinena ndikusanja tomato, ndikuchapa, ndikumusambitsa mwana. Ndinkati Ambuye, ngati mwatseka khomo, ndionetseni amene watseka, chifukwa sindikhulupirira kuti ndi Inu. Sindinkadziwa chimene ndikupempha.

Tsiku lina la kiliniki ya Lontia, dokotala anandipempha kuti nditsale, mwana akhale kaye ndi namwino. M'chipindamo munali mayi wina wa zaka ngati zanga, wovala magalasi, atakhala ndi kompyuta ya pamiyendo. Dokotala anati awa ndi Ba Mutinta, sagwira odwala, ntchito yawo ndi kufufuza zimene makompyuta amawerenga ku labu. Anandikumbutsa kuti tsiku lolavulira lija ndinasaina kuti zotsatira zathu zikhoza kugwiritsidwa ntchito pa kafukufuku. Ndinali nditaiwala. Tsiku limene lija ndikanasaina chilichonse.

Ba Mutinta anayamba n'kundifotokozera ntchito yawo pang'onopang'ono. Anati makina sawerenga zizindikiro za munthu zonse pakamodzi. Amazidula tizidutswa tambirimbiri, n'kuwerenga kachidutswa kalikonse payokha. Kenako pulogalamu ya pa kompyuta imatola tizidutswato n'kumatiyerekeza ndi kaundula wamkulu wa mitundu ya HLA yodziwika padziko, mpaka itapeza mitundu imene ikugwirizana nato. Vuto n'lakuti kaundulayo anadzaza kwambiri ndi anthu a maiko ena, ndipo ife a kuno tili ndi mitundu yambiri imene sinalembedwe mokwanira. Pulogalamu ikakumana ndi mtundu wosaudziwa, nthawi zina imangotchula wapafupi. Ndiye iwo ankayesa mapulogalamu osiyanasiyana pa mabanja athunthu, chifukwa m'banja mitolo iyenera kutsatana. Mwana akapezeka ndi mtolo umene makolo ake alibe, amadziwa kuti penapake palakwika.

Anati ulendo woyamba uja munthu aliyense anangomuyerekeza ndi Lontia, basi. Palibe anaika banja lonse pamodzi. Iwo ataliika pamodzi anaona chinthu chimene chinawavutitsa, ndipo anabwereza ndi mapulogalamu atatu, yankho osasintha. Kenako anavula magalasi n'kundifunsa.

“Amai, munikhululukire, nifunseko. Uyu Yona munamubala mweka?”

Abale anga, ndikanakhala ndi chinthu m'manja ndikanamugenda. Yona ndinamuvutikira masiku awiri. Ndinapita ku chipatala pa ngolo ya ng'ombe, mvula ikugwa, ndipo anabadwa ndikuona ndi maso anga, ali ndi kabanga kakuda kuseri kwa khutu kamene ali nakobe mpaka lero. Ndinaimirira n'kuwauza kuti kompyuta yawoyo inandilanda kale mwana mmodzi, tsopano ikufuna kundilanda wachiwiri. Ndinalankhula zambiri, mawu ena osayenera Mkhristu. Mayi uja sanakwiye. Anadikira ndimalize, kenako anatembenuzira kompyuta ija kwa ine.

Mitolo anaipaka mitundu kuti ndione. Ine ndinali ndi wofiira ndi wachikasu. Lontia anali ndi wofiira wanga uja, ndi wobiriwira. Misozi anali ndi wachikasu wanga, ndi wakuda. Ndiye kuti wobiriwira ndi wakuda ndi ya bambo awo, ngakhale iwo sanalavulire. Kenako anandionetsa mzere wa Yona. Panalibe wofiira, panalibe wachikasu. Panali wobiriwira ndi wakuda.

“Ine siniziba vakunyumba kwanu,” anatero Ba Mutinta motsitsa mawu. “Manje aya malovu saoneka monga ya m'bale wa aba bana. Yaoneka monga ya atate bao.”

Ndinakhala pansi. Dokotala anawonjezera kuti bambo nthawi zonse amafanana ndi mwana wake mtolo umodzi, chimodzimodzi mmene m'bale wofanana theka amaonekera, n'chifukwa chake palibe anakayika. Ine sindinkamvanso bwino. Ndinkangoona botolo lija likutuluka m'thumba la malaya.

Tinakwera basi kubwerera ku Rufunsa. Lontia anagona pa miyendo panga, dzanja lake lopuwala lili pa chitenje changa, ndipo ndinaliyang'ana njira yonse. Nditafika ndinamusiya kwa aneba. Amuna anga ndinawapeza kuseri kwa nyumba akumata chubu cha njinga. Sindinawapatse moni.

“Batate ba Yona, mu botolo ya Yona analavula ni ndani?”

Anasiya chubu m'beseni. Sanafunse kuti ndikunena chiyani. Anangoyamba kufotokoza. Atafika ku Shikabeta ulendo uja, asanakumane ndi Yona, anacheza ndi amalume awo. Amalumewo anawauza kuti mafuta amenewa amawakoka ku msana, ndipo mwamuna akakokedwa ku msana mphamvu zimatha, sadzaberekanso. Anati ufuna kupha mbewu yako chifukwa cha mwana wamkazi wodwaladwala? Ndiye amuna anga anapita kuseri kwa nkhokwe, analavulira okha m'botolo la mwana wawo, n'kulitseka.

“Nenze kuyopa, Bamake Yona. Mwamuna tili naye ni umozi chabe.”

“Nanga Lontia ni mbuzi?”

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanafunsire dokotala, munthu amene anali naye m'chipinda chimodzi. Anati anachita manyazi kufunsa zotero pamaso pa anamwino achikazi. Manyazi! Mwana wanga anapuwala chifukwa bambo wamkulu wandevu anachita manyazi kufunsa funso limodzi. Anakhala nacho chinsinsi chimenechi miyezi yonse ija, akudya chakudya changa, akumva mwana akukuwa, akundiona ndikukangana ndi Mulungu. Ndinawakumbutsa za khonde la chipatala, mmene ndinawatonthozera. Beseni lija ndinalikankha ndi phazi, madzi n'kuwathira m'miyendo. Zina zimene ndinanena sindilemba pano, aneba anazimva zikwanira.

M'mawa mwake ndinanyamuka ndekha kupita ku Shikabeta, minibasi kenako njinga yamoto. Yona ndinamupeza kudimba. Nditamufunsa za botolo anadabwa, anati botolo la chani amama? Sanalionepo. Atate ake anangomuuza kuti madokotala aona m'mapepala kuti sakufanana ndi mlongo wake, ndipo mwanayo anakhala akudziimba mlandu mwakachetechete, poganiza kuti thupi lake ndi lopanda ntchito. Apongozi anga atamva anati tidikire akuluakulu akhale pansi akambirane. Ndinawayankha kuti akuluakulu anakambirana kale, zotsatira zake zili kwanga zikukoka mwendo. Amalume aja anatulukira akunena za mbewu yawo ija. Yona anali atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sanakangane ndi aliyense, anangolowa m'nyumba n'kutenga chikwama chake.

Ku Lusaka ulendo uno sanatipatse botolo lopita nalo kunyumba. Anamutenga magazi pa mkono ine ndikuona, ndipo dzina lolembedwa pa botolo ndinaliwerenga kawiri. Yona anafunsa dokotala funso limene atate ake analephera, pamaso pa anamwino omwewo, ndipo dokotala anamuuza kuti mafutawo amawatenga m'mafupa a m'chiuno, amabwerera okha pakapita milungu yochepa, ndipo sizikhudza kubereka kwa wopereka. Funso ndi yankho lomwe sizinathe mphindi ziwiri.

Tinadikira milungu itatu. Tsiku lililonse ndinkamuyang'ana Lontia pakamwa kuti sipakupindikanso. Tsiku la zotsatira Ba Mutinta anabwera okha, ngakhale sinali ntchito yawo kutero. Anati ayesa ndi mapulogalamu awo onse, ndipo pa chizindikiro chimodzi pulogalamu ina inadodoma chifukwa mtundu wake ndi wosowa m'kaundula, koma atayang'ana tizidutswato ndi maso anapeza kuti Yona ndi Lontia ali nawo wofanana ndendende, wochokera kwa ine. Anatembenuza kompyuta. Mzere wa Yona unali wofiira ndi wobiriwira. Ndinagwada pa simenti pomwepo, anthu akudutsa, ndipo ndinalira mokweza osasamala kuti akundiona ndani. Wopereka anali m'nyumba mwanga kuyambira pachiyambi.

Za ku India sinditalikitsa. Dzina la Lontia analibwezera pa mndandanda ndipo tinapita atatu. Yona anayenda ngati nkhalamba masiku anayi, akudandaula za tsabola wa m'zakudya kuposa ululu wa m'chiuno. Lontia ndiye anavutika. Mankhwala okonzekeretsa thupi anamuthothola tsitsi, anamutulutsa zilonda m'kamwa, ndipo madokotala anandichenjeza kuti mwina iyeyo sadzabereka. Za mbewu ya mwana wamkaziyu palibe wa ku Shikabeta anafunsapo. Koma patapita milungu mafuta a mlongo wake anagwira, thupi linayamba kupanga magazi abwino. Tinabwerera kwathu, ndipo nyengo yozizira yonse yapitayi Lontia sanagone m'chipatala ngakhale tsiku limodzi. Akupita ku sukulu. Wanenepa mpaka madiresi ake ndapatsa ana a aneba.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa laukali lija ndendende monga ndinapemphera. Ndikuthokoza madokotala ndi anamwino, ndi inu amene munapemphera pamene ine ndinatopa. Ndikuthokoza Ba Mutinta, amene akanatha kungolemba kuti botolo ili lasokonezeka n'kupitiriza ntchito yawo, koma anafunafuna mayi wa tomato amene sanamuonepo, n'kupirira chipongwe chake. Kompyuta ija ndinaitukwana pachabe. Inanena zoona za malovu amene inapatsidwa.

Inu amene muli pakati pa mayesero, musaleke kugogoda, ngakhale mukugogoda mokwiya. Mulungu sathawa mkwiyo wa mayi. Ndipo inu abambo, ngati pali chimene mukuopa pa zachipatala, tsegulani pakamwa mufunse wodziwa. Amalume anu si dokotala.

Mwina mukufuna kumva kuti ndinakhululuka. Abusa anatikhazika pansi, amuna anga anagwada, ndipo tikukhalabe nyumba imodzi. Yunifomu ndinaitulutsa m'sutikesi. Koma kukhululuka ndikunama ndikati ndafika. Dzanja lamanzere la Lontia silitambasuka, mwendo amaukoka, ndipo sitiroko ija inabwera miyezi isanu ndi iwiri botolo lija litaperekedwa. Dokotala amakana kunena kuti zikanapeweka. Ine miyezi ndimadziwa kuwerenga. Mundipempherere pa chimenechi, chifukwa pandekha sindingathe.

Chimodzi chokha ndinawaumiriza amuna anga, kuti mwanayo amuuze okha, asadzamve kwa anthu pa msewu. Anazengereza mwezi wathunthu. Tsiku lina m'mawa, Lontia akukonzekera sukulu, anamukhazika pa mpando n'kugwada patsogolo pake. Ananena zonse, za amalume, za nkhokwe, za botolo. Ine ndinaima pakhomo. Mwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, osalira. Kenako ananyamula dzanja lopuwala lija ndi dzanja linzake, n'kuliika m'manja mwa atate ake.

“Basi tsegulani, atate,” anatero.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse asanapite kumunda, amakhala pa mpando uja n'kumawongola zala za mwana wawo chimodzichimodzi, monga anatiphunzitsira ku chipatala. Akazisiya zimapindikanso. Mawa lake amayambiranso. Ambuye akusungeni nonse, inu ndi ana anu.